Kufunsidwa Maganizo ndi Kugamula: Mbiri ya Masinodi mu Mpingo wa Katolika

Mawu akuti sinodi afala pakamwa pa Akatolika kuyambira m'chaka cha 2021, pamene malemu Papa Francis adalamula kuti akhristu a m'madayosizi onse a pa dziko lapansi afunsidwe maganizo awo pa za kayendetsedwe ka Mpingo. Abale athu a CCAP amene amawerenga nkhani za bungwe lathu lino mwina adadabwa kuti chachilendo n'chiyani, popeza kwa iwo Sinodi ya Nkhoma, ya Blantyre kapena ya Livingstonia ndi bwalo limene abusa ndi akulu a mpingo amakhala pamodzi, kuvota, ndipo chimene amanga chimakhala lamulo. Kwa Akatolika nkhaniyi siyophweka chotero. Mawuwa ndi achigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kuyenda njira imodzi. Koma anthu angathe kuyendera limodzi pamene wosankha njirayo ali mmodzi yekha. Mbiri ya masinodi mu Mpingo wa Katolika yagona pa kusiyana kwa zinthu ziwiri: kufunsidwa maganizo, ndi kukhala ndi gawo pa chigamulo.

Gwero la vutoli ndi ziphunzitso ziwiri zimene Mpingo sungathe kutayapo ngakhale chimodzi. Choyamba n'chakuti munthu aliyense wobatizidwa adalandira Mzimu Woyera, kotero kuti gulu lonse la okhulupirira likamvana pa nkhani ya chikhulupiriro silisokera. Chachiwiri n'chakuti udindo wophunzitsa ndi kulamulira udaperekedwa kwa Atumwi, Petro ali patsogolo, ndipo udapitirira kwa maepiskopi ndi kwa Papa. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 15, limasimba za msonkhano wa ku Yerusalemu umene udakambirana ngati anthu a mitundu ina olowa chikhristu ayenera kuchita mdulidwe. Mkangano udakula, Petro adalankhula, Paulo ndi Barnabasi adapereka umboni, Yakobo adamanga mfundo, ndipo mpingo wonse udavomereza anthu oti akapereke kalata ku Antiokeya. Aliyense amene adadzakangana pambuyo pake adapeza mbali yake m'mutu umenewu. Wokweza Papa amaonamo Petro, wokweza maepiskopi amaonamo Yakobo, ndipo mkhristu wamba amaonamo khamu lija.

Chitsanzo chomveka bwino cha zaka zoyambirira chidachokera ku Africa, mumzinda wa Carthage, umene mabwinja ake ali m'dziko la Tunisia. Cyprian Woyera, episkopi wa mzindawu, ali kobisala m'chaka cha 250 pa nthawi ya mazunzo a mfumu Decius, adalembera ansembe ake kuti chiyambire uepiskopi wake adatsimikiza mtima kusachita kanthu payekha popanda uphungu wawo ndi chivomerezo cha anthu. Sadali munthu wamantha kapena wofooka. Makalata ake amasonyeza kuti ankadziwa bwino kulemera kwa mpando wake. Pa 1 Seputembala 256 adasonkhanitsa maepiskopi kuti akambirane ngati munthu wobatizidwa ndi ampatuko ayenera kubatizidwanso. Zolembedwa za tsikulo zilipo mpaka lero: ansembe, madikoni ndi khamu la akhristu adalipo, maganizo a maepiskopi 87 adalembedwa limodzilimodzi, ndipo Cyprian adapereka ake pomalizira. Pa nkhaniyi iwo adatsutsana ndi Papa Stephen wa ku Roma, ndipo m'kupita kwa nthawi Mpingo udatsata maganizo a Stephen. Kuchuluka kwawo sikudawachititse kukhala olondola. Komabe mwambo wokumana udazika mizu, moti msonkhano wa ku Nicaea m'chaka cha 325 udalamula kuti maepiskopi a chigawo chilichonse azikumana kawiri pa chaka.

Kuti tione nkhaniyi itafika pa mponda chimera, tiyenera kulumpha zaka zoposa chikwi. M'chaka cha 1378 makadinala adasankha Urban VI kukhala Papa, koma patangopita miyezi yochepa, ataona ukali wake, adanena kuti adamusankha moopsezedwa ndi anthu a mumzinda wa Roma, ndipo adasankha wina, Clement VII, amene adakakhala ku Avignon. Maiko a ku Ulaya adagawikana: France ndi Scotland adatsata Avignon, England idatsata Roma. Ngakhale anthu amene lero timawatcha oyera sadamvane, pakuti Catherine wa ku Siena adali mbali ya Roma pamene Vincent Ferrer adali mbali ya Avignon. Msonkhano wa ku Pisa m'chaka cha 1409 udayesa kuchotsa onse awiri n'kusankha wina watsopano. Awiri aja adakana kutula pansi udindo, ndipo odzitcha Apapa adakhala atatu.

Apa akatswiri a zaumulungu ndi a malamulo, monga Jean Gerson wa ku yunivesite ya Paris, adafunsa funso limene m'nthawi ya mtendere likadamveka ngati chipongwe: mutu ukadwala, kodi thupi lilibe mphamvu yodzipulumutsa? Mfumu Sigismund ya ku Germany idakakamiza John XXIII, wolowa m'malo mwa Papa wosankhidwa ku Pisa uja, kuti aitanitse msonkhano mumzinda wa Constance, ndipo udatsegulidwa m'chaka cha 1414. Iye ankayembekezera kuti maepiskopi a ku Italy, amene adali ochuluka, amuteteza. Koma msonkhano udagwirizana zoti uzivota potsata mitundu, mtundu uliwonse voti imodzi, ndiponso kuti akatswiri a m'mayunivesite akhale nawo pa zokambirana. Ataona kuti madzi achita katondo, John XXIII adathawa mumzindawo mu Malichi 1415 atavala ngati wantchito wamba, poganiza kuti msonkhano wopanda Papa ubalalika. Sudabalalike. Pa 6 Epulo 1415 udakhazikitsa lamulo lotchedwa Haec Sancta, lonena kuti mphamvu zake zichokera kwa Khristu mwini, ndipo munthu aliyense, ngakhale Papa, ayenera kuumvera pa nkhani za chikhulupiriro, za kuthetsa mgawano ndi za kukonzanso Mpingo.

Zotsatira zake zidabwera motsatizana. John XXIII adachotsedwa mu Meyi 1415. Gregory XII, wa mbali ya Roma, adatula pansi udindo mu Julaye chaka chomwecho, koma adayamba waloledwa kuitanitsanso msonkhanowo m'dzina lake, kuti zisaoneke ngati wagonjera bwalo limene sadaliitane. Benedict XIII wa mbali ya Avignon adachotsedwa m'chaka cha 1417. Pa 11 Novembala 1417 makadinala 23 pamodzi ndi nthumwi 30 za mitundu isanu adasankha Martin V, ndipo mgawano wa zaka pafupifupi 40 udatha. Asanasankhe, msonkhano udalamula kuti wina uchitike pakatha zaka zisanu, wotsatira pakatha zisanu ndi ziwiri, ndipo kuchokera apo zaka khumi zilizonse. Tisaiwale kuti msonkhano womwewu ndiwo udaweruza Jan Hus, wansembe wa ku Prague, amene adaotchedwa pa 6 Julaye 1415 ngakhale adabwera ndi kalata ya chitetezo ya mfumu Sigismund. Amene amaganiza kuti ulamuliro wa anthu ambiri umakhala wachifundo nthawi zonse aziyamba akumbukira moto umenewo.

Mpando wa Petro udapulumutsidwa ndi msonkhano, koma okhala pa mpandowo sadaukhulupirirenso msonkhano. Chifukwa chake chidalipo. Msonkhano wa ku Basel, umene udayamba m'chaka cha 1431, udakangana ndi Papa Eugene IV mpaka kusankha Papa wake, Felix V, m'chaka cha 1439, ndipo anthu amene adali atangochira ku mgawano adaipidwa nazo. M'chaka cha 1460 Papa Pius II, amene pa unyamata wake adagwirako ntchito ku Basel komweko, adaletsa munthu aliyense kuchita apilo ku msonkhano pa chigamulo cha Papa. Lamulo lokumana zaka khumi zilizonse lidafa osakwiriridwa. Pamene Martin Luther adautsa mkangano wake m'chaka cha 1517, mantha omwewa adali chimodzi mwa zifukwa zimene zidachedwetsa yankho, moti msonkhano wa ku Trent udatsegulidwa m'chaka cha 1545, ming'alu itakula kale. Mpaka lero akatswiri amakangana ngati Haec Sancta lidali lamulo la nthawi zonse kapena mankhwala a matenda a nthawi imeneyo okha.

Msonkhano Woyamba wa ku Vatican udakankhira zinthu mbali inayo. Pa 18 Julaye 1870, ndi mavoti 533 kwa awiri, udalengeza kuti Papa ali ndi ulamuliro pa Mpingo wonse ndipo salakwa akamaphunzitsa mwalamulo za chikhulupiriro ndi makhalidwe. Maepiskopi angapo osagwirizana nazo adachoka ku Roma voti isanachitike. Mawa lake nkhondo idabuka pakati pa France ndi Prussia, mu Seputembala asilikali a Italy adalanda mzinda wa Roma, ndipo msonkhano udaimitsidwa usanakambirane za udindo wa maepiskopi. Nyumba idafoleredwa mbali imodzi. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyo mwake, wansembe wa ku Birmingham, John Henry Newman, adali atalemba nkhani yonena kuti akhristu eni ake ayenera kufunsidwa ngakhale pa za chiphunzitso, chifukwa m'zaka za m'ma 300 iwo ndiwo adasunga chikhulupiriro cha ku Nicaea pamene maepiskopi ambiri ankagwedezeka. Adamuneneza ku Roma, ndipo adakhala zaka zambiri akukayikiridwa. Munthu yemweyo adatchedwa woyera m'chaka cha 2019, ndipo m'chaka cha 2025 adaikidwa m'gulu la Aphunzitsi a Mpingo.

Mbali yotsalayo idafoleredwa pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965. Chikalata chake chonena za Mpingo, Lumen Gentium, chidaika mutu wa anthu a Mulungu patsogolo pa mutu wa maepiskopi, ndipo chidaphunzitsa kuti maepiskopi onse pamodzi ndi Papa ndi gulu limodzi lokhala ndi ulamuliro pa Mpingo wonse. Episkopi si kapitawo wa Papa m'dayosizi yake. Mphamvu zake zimachokera m'sakramenti limene adalandira. Kagulu ka maepiskopi kadaopa kuti mzimu wa ku Constance wadzuka, ndipo pofuna kukakhazika mtima pansi Papa Paul VI adalamula kuti pakhale mawu ofotokozera, otsindika kuti gululo silichita kanthu popanda mutu wake, pamene mutuwo ungathe kuchita pawokha. Chikalata chidavomerezedwa pa 21 Novembala 1964 ndi mavoti 2,151 kwa asanu. Pa 15 Seputembala 1965 Papa yemweyo adakhazikitsa Sinodi ya Maepiskopi, koma mwa lamulo lake iye mwini, ndipo ntchito yake idali yolangiza basi. Amayi 23 adaloledwa kukhala nawo pa msonkhanowu ngati omvera, opanda voti.

Zimenezi zikadangokhala nkhani za m'mabuku kukadapanda anthu amene adazitenga n'kukaziyesa kumudzi, ndipo mmodzi wa oyambirira adali Mmalawi. Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua m'chaka cha 1933, wa chipani cha White Fathers, adakhala episkopi wa Lilongwe m'chaka cha 1972. Adapeza dayosizi yaikulu, ansembe ochepa ndipo ambiri mwa iwo amishoni, matchalitchi a kumidzi oona wansembe mwa apo ndi apo, ndi chuma chodalira thandizo la kunja. Kuyambira 1973 mpaka 1975 adachititsa sinodi ya dayosizi, yodziwika ndi mutu wakuti Mpingo Ndife Tonse. Zokambirana zinkayambira pansi, m'magulu a akhristu eni ake, n'kukwera ku parishi mpaka kukafika ku dayosizi. Cholinga chidali mpingo wodzitumikira wokha, wofalitsa wokha Uthenga Wabwino, ndi wodzidalira pa chuma. Chipatso chake chachikulu chidali miphakati, imene kummwera timaitcha malimana. Bungwe la maepiskopi a kummawa kwa Africa, AMECEA, lidaika magulu otere kukhala maziko a utumiki wake m'chaka cha 1976, ndipo lidaunikanso ntchitoyi pa msonkhano wake wa ku Zomba m'chaka cha 1979.

Aliyense amene adakulira mu mphakati akudziwa kuti mmenemo muli mphamvu zenizeni, osati kungofunsidwa kokha. Anthu amasankha okha atsogoleri awo. Amayendetsa maliro wansembe kulibe, amayendera odwala, amatolera ndi kusunga ndalama, amayanjanitsa mabanja, ndipo kholo lofuna kubatiza mwana kapena achinyamata ofuna kumanga ukwati amayamba apeza chivomerezo cha ku mphakati asanakaonane ndi bambo mfumu. Ambiri mwa amene amasenza ntchitoyi ndi amayi. N'zoona kuti mphamvu zimenezi nthawi zina zimapweteka, monga pamene mmphawi amanidwa kalata chifukwa cha ngongole ya zopereka. Ulamuliro ukatsikira pansi umatsika ndi mayesero ake omwe. Koma umboni wakuti sinodi ya ku Lilongwe idagawadi udindo udachokera kwa amene adaiopa. Malawi idali dziko la chipani chimodzi kuyambira 1966, Dr Banda adali atakhala mtsogoleri wamuyaya m'chaka cha 1971, ndipo a Mboni za Yehova ankazunzidwa chifukwa chokana makadi a chipani. M'dziko lotero, timagulu ta anthu okumana m'midzi, kusankha atsogoleri ndi kukambirana mavuto awo popanda tcheyamani wa chipani tidaoneka ngati nthambi za chipani china. Ambuye Kalilombe adachoka m'dziko m'chaka cha 1976 ndipo adatula pansi udindo wa dayosiziyo m'chaka cha 1979. Adakaphunzira ku Berkeley, ku California, kenaka adagwira ntchito zaka zambiri ku Selly Oak, mumzinda wa Birmingham, akutsogolera ntchito yolumikizitsa mipingo ya anthu akuda ndi ya azungu. Adali mmodzi wa ife okhala kunja, ngakhale iye sadachite kufuna. Adabwerera kwathu ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, adaphunzitsa ku Chancellor College, ndipo adamwalira m'chaka cha 2012.

Episkopi mmodzi adatheka kumuthamangitsa. Maepiskopi onse atalankhula ndi pakamwa pamodzi, zinthu zidavuta. Kalata ya Lenti imene idawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 Malichi 1992 idasainidwa ndi atsogoleri a madayosizi onse, ndipo ngakhale boma lidawaopseza n'kupitikitsa Monsignor John Roche wa ku Mzuzu, silidathe kuibweza. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa referendamu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chiphunzitso cha 1964 chakuti maepiskopi ndi gulu limodzi chidaonekera mphamvu yake kwathu tsiku limenelo kuposa m'mabuku ambiri ochifotokoza.

Pa msinkhu wa Africa yonse zinthu sizidayende chimodzimodzi. Kuyambira m'chaka cha 1977 akatswiri ena, mothandizidwa pambuyo pake ndi Kadinala Joseph Malula wa ku Kinshasa, ankapempha msonkhano wa Africa wokhala ndi mphamvu zomanga malamulo. Chimene chidaperekedwa chidali sinodi yolangiza, ndipo idachitikira ku Roma m'chaka cha 1994, m'masabata omwewo amene anthu ankaphedwa ku Rwanda. Mfundo zake adazilemba ndi Papa John Paul II, nazisainira ku Yaoundé m'chaka cha 1995. Chithunzi chimene sinodiyo idasankha, cha Mpingo ngati banja la Mulungu, n'chokoma m'makutu mwathu, koma tonse tikudziwa mabanja amene ana ndi amayi amalankhula mpaka usiku, bambo n'kudzuka m'mawa kuchita zimene adaganiza kale.

Papa Francis adasuntha malire amenewa kuposa amene adamutsogolera. Pa misonkhano ya mu Okutobala 2023 ndi Okutobala 2024, anthu osakhala maepiskopi adavota, ndipo pa woyambawo amayi ovota adali 54. Pa 26 Okutobala 2024 iye adalandira chikalata chomaliza monga momwe chidavoteredwa, osalembanso chake. Komabe pakati pa misonkhano iwiriyi, pa 18 Disembala 2023, ofesi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso idatulutsa Fiducia Supplicans, chikalata chololeza madalitso ena kwa anthu awiri okhalira limodzi kunja kwa ukwati wa Mpingo, kuphatikizapo amuna kapena akazi okhaokha, maepiskopi a maiko asanafunsidwe. Maepiskopi a ku Malawi ndi a ku Zambia adali m'gulu la oyamba kukana, ndipo mu Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo adatulutsa yankho la maepiskopi a mu Africa atakambirana ndi Papa. Kaya munthu ali mbali iti pa nkhani ya madalitsoyo, chidaoneka n'chakuti chigamulo chodzera pamwamba sichiyendanso monga kale. Koma maepiskopi athuwo nawonso adayankha m'masiku ochepa, nthawi yosakwanira kufunsa miphakati.

Ife amene timasamalira okalamba ndi odwala timakudziwa kusiyana kumeneku pa ntchito yathu. Wodwala angathe kufunsidwa mafunso onse a pa fomu, n'kusainitsidwa, koma ndondomeko ya chisamaliro chake n'kukhala yolembedwa kale. Buku la malamulo a Mpingo la 1983 lidasiya mpata womwewo. Lamulo 466 limati pa sinodi ya dayosizi wopanga malamulo ndi episkopi yekha. Lamulo 536 limati khonsolo ya utumiki ya parishi imakhazikitsidwa episkopi akaona kuti n'koyenera, ndipo mawu ake ndi a uphungu chabe, pamene lamulo 537 limakakamiza parishi iliyonse kukhala ndi komiti ya zachuma. N'chifukwa chake ena mwa ife, tidazolowera mphakati ndi tchalitchi khonsolo, tidadabwa titafika m'maparishi ena kuno kunja ndi kupeza kuti palibe bwalo lililonse limene mkhristu angafunsirepo za ndalama kapena za kutsekedwa kwa tchalitchi. Chikalata cha 2024 chidapempha kuti makhonsolo otere akhale okakamizidwa, kuti atsogoleri azipereka malipoti a chuma ndi a utumiki kwa anthu, ndiponso kuti mawu akuti uphungu chabe aunikidwenso. Papa Francis adamwalira pa 21 Epulo 2025, atavomereza kale ndondomeko yoti madayosizi ayese mfundozi mpaka msonkhano wa Mpingo wonse wa mu Okutobala 2028. Wolowa m'malo mwake, Papa Leo XIV, amene adakhala nawo pa misonkhano yonse iwiri ali kadinala, adalola m'chaka chomwecho kuti ndondomekoyo ipitirire.